Mafunso ndi Mayankho: Kuweta mbozi za hornworm zodyetsa abuluzi

Funso: Ndimaweta abuluzi awiri a mtundu wa bearded dragon ndi bilimankhwe mmodzi, ndipo onsewa amakonda mbozi za hornworm. Ndinasiyako mbozi zina kuti zisanduke agulugufe oti aziikira mazira, koma zambiri zinangokhala m'dothi miyezi osatuluka, ndipo agulugufe ochepa amene anatuluka anali ndi mapiko okwinyika. Kodi vuto lili pati? Nanga mbozizi ndingazidyetse masamba a matimati? — Wowerenga wanu

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Mbozi imene anthu ambiri amaweta ndi Manduca sexta, yomwe kwawo ndi ku America, ndipo imadziwika ndi mizere 7 yoyera yopendekeka m'mbali mwake komanso kanyanga kofiira kumbuyo kwake, kamene sikabaya munthu ayi.

Mbozi zanu zimene zinakhalitsa m'dothi mwina sizinafe konse. Kachilomboka kamazindikira kutalika kwa tsiku kakadali mbozi, ndipo kuwala kukamakhala kwa maola 12 kapena kuchepera pamenepo, thupi lake limakonzekera nyengo yozizira, moti mboziyo ikasanduka pupa (msinkhu wa pakati pa mbozi ndi gulugufe, pamene imangokhala duu m'dothi) imagona tulo tatitali kudikira kuti kunja kufunde. Mankhwala ake ndi nyali. Muziiyatsa maola 14 mpaka 16 tsiku lililonse, kuyambira pamene mazira aikiridwa, osati mbozi zitalowa kale m'dothi, chifukwa pamenepo mumakhala mutachedwa. Kutentha kukakhala pafupifupi madigiri 27 Celsius, dzira limaswa m'masiku 3 kapena 4, mbozi imafundula kanayi n'kukhwima m'masabata awiri kapena atatu, ndipo gulugufe amatuluka patapita masabata enanso pafupifupi atatu.

Mbozi ikakhwima imaleka kudya n'kuyamba kuyendayenda mosakhazikika, ndipo mukaiyang'anitsitsa pamsana mumaona mzere wakuda ukugunda pang'onopang'ono pansi pa khungu. Umenewo ndiwo mtima wake. Mukaona zimenezi, isamutsireni m'chidebe cha utuchi kapena dothi lofewa lakuya masentimita 10, lachinyezi koma losanyowa, ndipo musaifukule sabata yoyamba, popeza khungu la pupa yatsopano limakhala lanthete kwambiri mpaka litauma n'kufiirira.

Nkhani ya mapiko ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa ndi yosavuta kupewa koma imapha agulugufe ambiri. Gulugufe akangotuluka, mapiko ake amakhala aang'ono ndi onyowa, ndipo amafunika kukwera msanga pamalo pamene angalendewere kuti apopere madzi a m'thupi mwake m'mapikomo mpaka atatambasuka kufika pafupifupi masentimita 10. Akapezeka m'chidebe cha pulasitiki choterera, amangovutika pansi mpaka mapiko aumira momwemo, ndipo gulugufe wotere sauluka, sadya bwino, komanso kawirikawiri sakwerana ndi mnzake. Choncho masiku otuluka akayandikira, ikani ma pupa pansi pa khola la neti lalitali masentimita 60 kapena kuposerapo, ndipo muziwazamo timadzi pang'ono kuti mpweya usaume kwambiri.

Agulugufewa amadya madzulo ndi usiku, akuyandama m'malere n'kumayamwa timadzi ta m'maluwa ndi mlomo wawo wautali wopindika. M'kholamo apachikireni kapu ya madzi a shuga, muyezo umodzi wa shuga pa miyezo inayi ya madzi, ndipo muzisintha asanasase. Wina akakana kudya, mugwireni mosamala, tambasulani mlomowo ndi kamtengo kosongoka n'kuuviika m'madziwo.

Tsopano za masamba a matimati. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo pamenepa sindikunyengererani. Mbozi imene yadya masamba a matimati kapena a fodya imakhala ndi poizoni wa zomerazo m'mimba mwake, ndipo ngakhale iyoyo savutika naye, buluzi wanu angathe kudwala. N'chifukwa chakenso mbozi zotola m'munda siziyenera kupatsidwa kwa ziweto. Ntchito ya chomera cha matimati m'khola ndi imodzi yokha: fungo lake limakopa gulugufe wamkazi kuti aikire. M'mawa uliwonse muzitembenuza masamba n'kuchotsa timazira tobiriwira tobulungira tisanaswe, kenaka muzitiika pa chakudya chochita kukonza, chimene mbali yake yaikulu ndi mitima ya tirigu. Mbozi zoleredwa pa chakudya chimenechi zimaoneka zabuluu, zomwe si matenda. Zimangosowa utoto wachikasu wochokera m'masamba. Chakudyacho chizikhala kumwamba kwa chidebe chozondotsa, mbozi zizikwera pa neti kukadya, kuti zitosi zizigwera pa chivindikiro chimene mungatsuke tsiku ndi tsiku chuku chisanagwire.

Dziwaninso kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a thupi la mbozizi ndi madzi, motero zimathandiza chiweto chosowa madzi m'thupi, koma zikachuluka zimatsegula m'mimba, ndipo siziyenera kukhala chakudya chokhacho.

Gulugufe mmodzi wamkazi amaikira mazira mazanamazana, ochuluka kuposa amene ziweto zitatu zingamalize. Popeza kachilomboka kamawononga fodya ndi matimati, mayiko ena amaletsa kukalowetsa kapena kukaweta, choncho funsani kaye a zaulimi a m'dziko lanu. Musataye kunja dzira, mbozi kapena gulugufe wamoyo. Zotsala muziziika mu firiza kwa masiku angapo musanazitaye.