Damu lathu silinagwepo, tisonkherenji ndalama?

Achimwene ena a ku Chawama, muno mu Lusaka, andilembera imelo. Kumudzi kwawo chakum'mawa uko, komiti yapempha ana onse okhala m'tauni kuti asonkhe ndalama zokonzera damu la dothi limene mudzi umamwa ndi kuthirira madimba. Iwo akuti: chinthu chaima kuyambira makolo athu ali anyamata, madzi chikusunga, chikonzedwe pati? Kapena akungofuna kutidyera?

Achimwene, kukayikira komiti sindikukuletsani, tonse tinadyeredwapo. Koma mawu akuti "silinagwepo" andiwutsira mkwiyo wakalekale.

Ine ndinakulira m'mbali mwa damu ngati lanulo. Ankaliyang'anira ndi malume anga, popanda malipiro. Mvula ikatha ankatitenga ana kukatchetcha udzu pakhoma, kuzula kamtengo kalikonse komera pamenepo, ngakhale ka mango komwe ife tinkakadikirira, ndi kukumba chulu chilichonse mpaka apeze make chiswe. Ng'ombe ikakwera pakhomapo, mwini wake ankamva mawu mpaka usiku. Koma chimene chinkatiseketsa ndi botolo. Kunsi kwa khoma, mbali yopanda madzi, panali pamalo ponyowa chaka chonse pomwe timadzi tinkatuluka. Malume ankatunga timadzito m'botolo loyera, n'kulikweza kudzuwa, n'kuyang'anitsitsa ngati sing'anga. Akaona ali mbee, ankataya n'kumapita. Ndadzamva ndili wamkulu kale kuti mainjiniya amaopa chomwecho: damu la dothi lililonse limachucha pang'ono, koma madzi akayamba kutuluka ndi matope, ndiye kuti akukokolola dothi la m'kati mwa khoma, akudzibowolera njira.

Malume atamwalira, botolo linatha ntchito. Bulugamu anamera pakhoma, anthu n'kumati mthunzi wabwino. Kenako kunabwera chaka cha chilala, ndipo amuna a madimba anagwirizana zounjika matumba a mchenga pangalande yotayira madzi kuti damu lizidzaza kwambiri. Zinayenda bwino nyengo zingapo. Usiku wina wa Febuluwale mvula inagwa yosalekeza, madzi anasowa potulukira, anakwera pamwamba pa khoma n'kuyamba kulidya kumbuyo. Pofika m'mawa panali mpata woti ngolo idutsepo. Madzi saiwala khwawa, anabwerera momwe mtsinje unkadutsa kale, ndipo m'menemo ndi momwe munali madimba onse. Sanafe munthu, Mulungu anatichitira chifundo, koma amayi anga anakalamba akufukula madzi mumchenga wa mumtsinje.

Dzulo lake damulo linali "lisanagwepo".

Ndipo matenda amenewa si a kumudzi kokha. Ife timakonda kudula kansalu potsegulira chatsopano, ng'oma zikulira, koma kukonza chakale kulibe wovina. Tengani Kariba, damu lalikulu la magetsi la pa mtsinje wa Zambezi. Khoma lija la mamita 128 linatha kumangidwa mu 1959, ndipo aliyense woima pamwamba pake amaona chimphona chosagwedezeka. Vuto linali kunsi. Madzi otuluka pazipata zake zisanu ndi chimodzi anakumba thanthwe kwa zaka zambiri mpaka panachitika dzenje lakuya pafupifupi mamita 80, likuyandikira maziko a khoma. Konkire nayenso ankafufuma pang'onopang'ono, moti zitsulo zotsekera zipatazo zikanatha kukanirira tsiku lofunika. A Zambezi River Authority, omwe likulu lawo lili muno mu Lusaka, anayamba ntchito yokonza dzenjelo mu 2017: kulitchinga, kupopa madzi, kuphwanya thanthwe kuti dzenjelo likule n'cholinga choti mphamvu ya madzi izithera kutali ndi khoma. Mbali imeneyi inatha mu 2024. Ntchito yonse anaiwerengera pafupifupi madola 294 miliyoni, ndalama zochokera ku European Union, World Bank, African Development Bank, Sweden ndi bungwe lenilenilo. Pa ndalama zonsezo sipanawonjezeke babu ngakhale limodzi loyaka. Mu 2024 momwemo tinakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse chifukwa cha chilala, ndipo m'minibasi ndinamva anthu akuti ndalamazo zinangotayika. Ayi ndithu. Kunsi kwa Kariba kuli Chirundu, kuli Luangwa, kuli damu la Cahora Bassa ndi anthu mamiliyoni a ku Mozambique. Zinagula kuti anthu amenewo azigona tulo.

Tisapite kutali. Gawo lina la madzi a m'mipope ya Lusaka limachokera mumtsinje wa Kafue, kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda, ena onse ndi a m'zitsime zobowola. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi analowa mumtsinje womwewo, nsomba zinafa, Kitwe anatsekeredwa madzi. Lija silinali damu la madzi akumwa, inde, koma linali khoma lomwe wina ankadutsapo tsiku lililonse n'kumati lili bwino. Ku Derna, dziko la Libya, madamu awiri akale anagumuka usiku umodzi mu Seputembala 2023 n'kupha anthu masauzande, pamene akatswiri anali atachenjeza kale.

Chimene ambiri sitimvetsa n'chakuti damu likhoza kukhala lolimba monga tsiku lomwe linamangidwa koma osakwanabe lero. Omanga akale ankayeza kukula kwa ngalande yotayira madzi potengera mvula ya zaka zochepa zomwe anali atalemba. Kuyambira pamenepo mitengo ya kumtunda yathera makala, madzi amathamanga onse nthawi imodzi, matope adzaza pansi, ndipo kunsi komwe kunali tchire lero kuli nyumba ndi sukulu. N'chifukwa chake kukonza kwa masiku ano nthawi zambiri n'kukulitsa ngalande ija, kukweza khoma kuti pakhale mpata pakati pa madzi ndi nsonga yake, ndi kuyala mchenga ndi miyala kunsi kuti madzi ochucha azituluka osatenga dothi.

Ndiye musonkhe kapena ayi?

Sonkhani, koma musatumize kaye. Uzani komiti ikaitane injiniya wa zamadzi ku boma kwanu, kapena ifunse ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira za madzi, ndipo alembe papepala chomwe chavuta ndi mtengo wake. Mukapita kumudzi mukayende nokha kumbuyo kwa khoma, mukaone ming'alu, malo otitimira, chiswe ndi mtundu wa madzi otuluka. Mitengo ikuluikulu musakazule nokha, mizu yake imasiya mabowo. Ngati pangalande pali matumba kapena njerwa, zimenezo zichoke mvula ya Novembala isanayambe, ndipo kuchotsako sikufuna ngwee.