Funsani Dokotala: Anditumiza kwa mlangizi wa za maganizo, kodi akuti ndikunamizira kudwala?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 46. Ndakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 7 ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Chaka chathachi mapazi anayamba kutentha usiku moti tulo sitibwera. Masiku ena ndimadumpha mankhwala chifukwa ndatopa nawo. Kwa miyezi inayi tsopano ndikumwa diazepam, mapiritsi ogonetsa, amene amandigawira mchemwali wanga. Miyezi 8 yapitayo namwino anandiuza kuti ndikaonane ndi mlangizi wa za maganizo, koma sindinapite. Ine si wamisala, mapazi akuwawadi. Mlangiziyo angandichitire chiyani, nanga woyenera ndingamudziwe bwanji?

Mayi, funso limene likukusowetsani mtendere simunalilembe, koma likuoneka m'kalata yonseyi: kodi akuchipatala asiya kundikhulupirira? Ayi, sanasiye. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amawononga timitsempha ta kumapazi pang'onopang'ono, ndipo mpaka theka la anthu odwala shuga amadzakumana ndi vutoli. Ululu wake ndi weniweni ndipo umakuladi usiku. Namwino uja anaona mayi amene sakugona, watopa ndi mapiritsi, ndipo akusenza zonsezi yekha. Anachita bwino kukutumizani.

Maganizo akuti mlangizi ndi wa anthu amisala alepheretsa odwala ambiri kupeza thandizo, choncho ndikhalitsapo pamenepa. Ambiri mwa anthu amene amapita kwa alangizi mutu wawo uli bwinobwino. Ena mwa iwo ndi anthu a shuga, a khansa, a impso, a HIV, a nyamakazi, amene matenda awatopetsa. Munthu wa shuga amadwala matenda ovutika maganizo kawiri kapena katatu kuposa amene alibe shuga. Si ulesi ndipo si kuchepa mtima. Matenda oti uziwakumbukira m'mawa uliwonse, pa chakudya chilichonse, popanda tsiku lopuma, amafooketsa aliyense.

Ndipo zimenezi zimabwerera m'thupi. Munthu amene sanagone amamva ululu kwambiri kuposa amene wagona, ngakhale vuto la mitsempha likhale lofanana. Nkhawa imachititsa thupi kutulutsa mahomoni otchedwa cortisol ndi adrenaline, ndipo ziwirizi zimakweza shuga. Mtima ukafooka mumadumpha mankhwala, shuga amakwera, mitsempha imawonongekabe, mapazi amatentha kwambiri, tulo timathawiratu. Mapiritsi amagwira mbali imodzi ya vutoli. Mbali ya tulo, mantha ndi kutopa ndi imene mlangizi amagwira, ndipo akaigwira, kumwa mankhwala kumayambanso kutheka. Kukutumizani kwa iye si kunena kuti ululu uli m'mutu mwanu.

Tsono amachita chiyani? Si kungocheza. Njira imene yafufuzidwa kwambiri pa ululu wokhalitsa, kusowa tulo ndi kuvutika maganizo imatchedwa CBT, njira yokambirana imene imathandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake ka zinthu. Mumakumana kamodzi pa sabata kwa mphindi 45 mpaka 60, kawirikawiri maulendo 6 mpaka 20, ndipo nthawi iliyonse mumabwerera kunyumba ndi chochita. Mwina adzakuuzani kuti muzilemba nthawi imene mwagona, kukula kwa ululu pa mlingo wa 0 mpaka 10, ndi zimene munkaganiza ululu utafika pachimake. Ganizo lakuti "mapaziwa adzawadula basi" mumalipenda naye limodzi: umboni wake uli pati, ndipo n'chiyani chimene mungachite lero kuti muteteze mapaziwo? Adzakuphunzitsani kugawa ntchito, chifukwa odwala ambiri tsiku limene apezako bwino amagwira ntchito ya masiku atatu, kenako n'kugona masiku awiri. Adzakonza nanu za tulo: kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kupewa kugona masana, kuchoka pabedi ngati patha mphindi 20 tulo tisanabwere. Kumene akatswiri ndi ochepa, bungwe la WHO linatulutsa mu 2016 ndondomeko ya Problem Management Plus, ya maulendo 5 a mphindi 90, imene amapereka anthu ophunzitsidwa ngakhale si madokotala.

Kumupeza kumayambira pomwe mumalandirira mankhwala a shuga. Bwererani kwa namwino uja, mupemphe kalata yokutumizani ndi tsiku lenileni. Dziwaninso kuti alangizi si amtundu umodzi. Psychiatrist ndi dokotala, amapima ndi kulemba mankhwala. Psychologist amathandiza mwa kukambirana, ndipo nthawi zambiri ndiye waphunzira CBT mozama. Palinso anamwino a za maganizo ndi alangizi ophunzitsidwa uphungu. Kwa inu dzina la udindo silofunika kwambiri. Chofunika n'chakuti munthuyo adziwe matenda amgonagona.

Tsiku loyamba mufunseni mosaopa. Anaphunzira kuti, ndipo analembetsa ku bungwe limene limapereka chilolezo kwa ogwira ntchito zaumoyo? Anathandizapo anthu a shuga kapena a ululu wokhalitsa? Agwiritsa njira iti, mukumana kangati, ndipo mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Angalankhulane ndi dokotala wanu wa shuga inu mukavomera? Mlangizi wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Amakuuzaninso yekha kuti zokambirana zanu ndi zachinsinsi, kupatula ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi. Ambiri amayamba ndi mafunso 9 otchedwa PHQ-9, ofunsa za masabata awiri apitawo. Zotsatira zake zimachokera pa 0 kufika pa 27, ndipo 10 kapena kuposerapo ndi chizindikiro chakuti pakufunika chithandizo. Akamabwereza mafunsowa pakapita masabata angapo, nonse mumaona ngati nambala ikutsika.

Amene angakuuzeni kuti musiye metformin, amene akulonjeza kuchiza shuga, amene akukugulitsani mankhwala akeake, kapena amene wauza achibale anu zimene munamuuza, musabwererekonso. Mlangizi amene sachita zimenezi mupatseni maulendo atatu kapena anayi. Oyambirira amakhala olemetsa chifukwa mukutulutsa zimene munazisunga nthawi yaitali. Koma ngati pofika ulendo wachinayi mukuona kuti sakukumverani ndipo palibe dongosolo lililonse, pemphani wina. Kusintha mlangizi ndi chinthu wamba. Ngati kuyenda kukuvuta, uphungu wa pafoni kapena pa intaneti umathandizanso, bola mukhale pamalo pomwe mungalankhule momasuka.

Tsopano za diazepam, ndipo apa mundilole ndikudzudzuleni pang'ono, mayi. Mchemwali wanu amakufunirani zabwino, koma mankhwalawa sayenera kumwedwa kupitirira masabata awiri mpaka anayi, ndipo inu mwafika miyezi inayi popanda wokupimani. Thupi limawazolowera, kenako piritsi limodzi silikwananso. Sachotsa ululu wa mitsempha, amawonjezera kufooka kwa mtima, ndipo amachititsa chizungulire mwa munthu amene mapazi ake samva bwino kale. Choopsa kwambiri ndi ichi: glibenclamide amatha kutsitsa shuga kwambiri usiku, ndipo chimene chimapulumutsa munthu ndi kudzidzimuka ndi thukuta ndi kunjenjemera. Wogona ndi diazepam akhoza kusadzuka msanga. Komabe musawasiye lero mwadzidzidzi, chifukwa mukhoza kunjenjemera, kuda nkhawa koopsa, ngakhale kukomoka. Amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, dokotala akuyang'anira. Miyezi 8 imene mwadikira ndi yambiri, ndipo mitsempha yowonongeka siibwerera msanga.

N'chifukwa chake ndikufuna mupite kuchipatala sabata ino, musadikire tsiku lanu lokatenga mankhwala. Tengani mapaketi onse, a diazepam omwe, ndipo munene zoona: mumamwa angati pa usiku, ndipo a shuga mumadumpha masiku angati pa sabata. Dokotala akaganiza kuti mukumwa onse pomwe shuga ali wokwera, adzawonjezera mlingo, ndipo tsiku limene mudzamwe onse shuga adzatsika moopsa. Pemphani kuti akuyezeni HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, komanso impso, kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro, pakuti kuchepa magazi ndi kufooka kwa chithokomiro zimafanana ndi kuvutika maganizo. Funsaninso za vitamini B12. Metformin akamwedwa zaka zambiri amatha kumuchepetsa, ndipo kuchepa kwake kumabweretsa dzanzi ndi kutentha kwa mapazi komweku. Vulani nsapato akuoneni mapazi onse awiri mpaka pakati pa zala.

Mankhwala a ululu wa mitsempha alipo, monga amitriptyline wa mlingo wochepa womwa usiku, duloxetine kapena gabapentin, ndipo dokotala adzasankha ataona mtima ndi impso zanu. Akakupatsani mankhwala a kuvutika maganizo, amayamba kumveka pakatha masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina 6, choncho musawataye sabata yoyamba.

Ngati kutopa kumene mwatchulaku kwafika poganiza kuti bola kufa, kapena mwayamba kusunga mapiritsi ndi cholinga chimenecho, uzani munthu amene mumamukhulupirira, mumupatse mapiritsiwo asunge, ndipo akuperekezeni kuchipatala lero lomwe. Chimodzimodzinso mukaona chilonda, kutupa kapena kusintha mtundu kwa khungu paphazi.