Achemwali, za kabichi wachikasu uja

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndauona pano, ndangoweruka kumene. Mwafunsa za chithunzi chija ndinatumiza Loweruka, kuti kodi kabichi wachikasu uja ndinathiramo mazira? Ayi, munalibe mazira. Zoyera zija ndi kokonati wopala, chikasu chija ndi tameriki. Ndiwo zimenezi amazitcha thoran, ndi za anthu a ku Kerala, kum'mwera kwa India, amene amalankhula Malayalam. Kuno ku England manesi ambiri amene timagwira nawo ntchito ndi ochokera kumeneko, ndiye mnzanga wina wa ku Kottayam, mzinda wa ku Kerala komweko, ndi amene anandiphunzitsa, kunyumba kwake, ine ndikuonerera.

Kuti mumvetse msanga, ganizirani mmene ife timachitira ndi nsinjiro. Ife masamba timatendera, iwo amathira kokonati, poti kwawoko mitengo ya kokonati ili pakhomo ponse. Kusiyana kwake n'kwakuti thoran alibe msuzi. Ayi ndithu. Tomato salowamo. Ziume, koma zisapserere.

Ndiye mverani. Theka la kabichi, mumuduladule timizere tating'ono kwambiri, kuposa mmene timadulira ndiwo zamasamba. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, chifukwa mukadula zikuluzikulu sapsa msanga, mudzayamba kuthira madzi, basi zalakwika. Kenako kapu 1 ya kokonati wopala, muikemo tsabola wamuwisi 2, adyo pang'ono, anyezi wamng'onowamng'ono uja, theka la supuni yaing'ono ya tameriki, ndi tinjere tokometsera totchedwa cumin pang'ono ngati muli nato. Zimenezi mungozisinja pang'ono mu kamtondo, osati mpaka phala ayi, kungoti zigwirane fungo. Mnzangayo amasakaniza zonsezi ndi kabichi ndi mchere pamanja, akufinya pang'ono, n'kuzisiya mphindi 10. Mchere uja umatulutsa madzi a m'kabichi momwemo, ndipo madzi amenewo ndi amene aphikire ndiwozo.

Tsopano mafuta pang'ono m'poto, iwo amakonda a kokonati. Akatentha, supuni yaing'ono 1 ya njere za mpiru. Inde, njere za mpiru weniweni! Mudikire zithetheke, ziyambe kudumpha, pakuti zikapanda kuthetheka zimawawa. Koma achemwali, chonde, musakatenge mbewu ya m'paketi yogula kuti mukadzale, ija amaipaka mankhwala. Mutenge zogulitsidwa ngati zokometsera chakudya m'mashopu a amwenye, kapena zimene mwapukusa nokha kudimba. Kenako masamba a curry, ndi masamba enieni a mtengo, si ufa wa curry timathira mu nkhuku uja ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukatero thirani kabichi uja, vundikirani, moto wochepa, mphindi 5 mpaka 7. Vundukulani, takasani mpaka nthunzi ithe. Kabichi akhalebe wolimbirako pang'ono pa dzino.

Chimene chinandikhudza mtima ine ndi ichi. Tsiku lina mnzanga uja anabweretsa thoran wa masamba ofiira, akuti cheera. Nditalawa ndinangoti, uyu ndi bonongwe! Ndi mtundu womwewo. Amaphikanso masamba a chamwamba, papaya wosapsa, zitheba, karoti, ngakhale duwa la nthochi lija ife timangolidula n'kutaya. Zonse njira yake ndi yomweyi. Ndinakumbuka kuseri kwa nyumba ya amayi, mmene bonongwe amamerera yekha nthawi ya dzinja, ndipo ndinalakalaka akanalawako.

Kwawoko amadyera mpunga, kawirikawiri wofiirira uja amati matta, ndipo msuzi umachokera ku ndiwo zina monga sambar. Pa chikondwerero chawo cha Onam, chimene chimachitika mu Ogasiti kapena Seputembala, amakonza phwando lotchedwa sadya, chakudya chonse amaikira pa tsamba la nthochi, ndiwo zambirimbiri zopanda nyama, ndipo thoran sasowapo. Mukadzamva wina akuti upperi musadabwe, kumpoto kwa Kerala ena amatchula choncho. Pali inanso yopanda kokonati, yongokazinga m'mafuta, dzina lake mezhukkupuratti, ndinachita kuti andilembere.

Thoran ndi nsima zimayenda, ndinayesa, bola pambali pakhale nyemba za msuzi chifukwa payekha ndi wouma. Kokonati wamuwisi akasowa, gulani wouma wa m'paketi uja amaphikira makeke, wopanda shuga, mumuwaze madzi ofunda mphindi 10 afewe. Masamba a curry akavuta, phikanibe, fungo lidzachepako pang'ono basi.

Muyambe ndi bonongwe, poti muli naye pafupi. Ameneyo musamuvundikire nthawi yaitali, mphindi 3 kapena 4 zakwana, ndipo mukatsuka muyambe mwamusiya akhe madzi onse. Mukaphika munditumizire chithunzi, ndikamuonetse mnzanga uja, akasangalala kwambiri. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.