Funsani Akatswiri: Orexin ikukana kukhazikika pa kompyuta yanga

Funso: Ndimaphunzira sayansi ya zamoyo ku yunivesite, koma pano ndili kwathu patchuthi. Ndikufuna kuona pa laputopu mmene orexin-A imagwirira receptor yake, OX2R. Ndayesa kasanu ndi AutoDock Vina, ndipo ulendo uliwonse yagona mosiyana. Ndikulakwitsa pati? Wophunzira, Kasungu.

Yankho: Laputopu yanu ilibe mlandu, mwangotenga nkhwangwa pa ntchito yofuna singano.

Kwa owerenga ena, orexin ndi kapuloteni kakang'ono kopangidwa m'chigawo cha ubongo chotchedwa hypothalamus, ndipo kamathandiza munthu kukhala maso. Kanatulukiridwa mu 1998 ndi magulu awiri a ofufuza ku America. Maselo okapanga akafa, munthu amadwala narcolepsy, matenda oti tulo timangomugwira masanasana. Orexin imagwira ntchito pomamatira ku mapuloteni a pa selo otchedwa receptor. Receptor zake ndi ziwiri, OX1R ndi OX2R, ndipo iliyonse imaboola khungu la selo kasanu ndi kawiri, n'kusiya kadzenje pakati.

Vina ndi pulogalamu ya docking, kutanthauza kulosera pa kompyuta mmene molekyu imakhalira mu receptor, koma anaipangira mamolekyu aang'ono okhala ndi malo opindika ochepa. Orexin-A ili ndi ma amino acid (tizidutswa tomanga puloteni) 33, malo ake opindika oposa 100. Pulogalamuyi imayamba kufufuza pamalo ongolotera, choncho pa chinthu chowifuka ngati chingwe chonchi siingathe kuyesa mapindidwe onse. N'chifukwa chake mayankho akusiyana. Mukaika seed (nambala yomwe kuloterako kumayambira) imodzimodzi mayankho adzafanana, koma kufanana kumeneko sikutanthauza kuti alondola.

Onaninso fayilo ya receptor yomwe munatsitsa ku Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti ya maonekedwe a mapuloteni. Ambiri amatenga 4S0V ya mu 2015. Mmenemo OX2R yagwidwa ndi suvorexant, mankhwala a tulo omwe amaitseka, ndiye kuti mukukankhira orexin pa khomo lokhoma. Fayiloyi ilinso ndi chidutswa cha puloteni yachilendo chomwe anachilumikiza kuti receptor ipange makristalo n'kujambulika, chimenecho chiyenera kuchotsedwa. Yoyambira yabwino ndi 7L1U ya mu 2021, yojambulidwa ndi cryo-EM (maikulosikopu ya ma electron), momwe orexin-B ya ma amino acid 28 ili kale m'kadzenje ndipo receptor ndi yotseguka.

Apa m'pamene pali phindu. Orexin-A imathera ndi GNHAAGILTL, pamene orexin-B imathera ndi GNHAAGILTM (chilembo chilichonse chikuimira amino acid imodzi). Zangosiyana chilembo chomaliza, ndipo mchira umenewu ndi womwe umalowa pansi pa kadzenje. Sanjani mchira wa orexin-A pamwamba pa wa orexin-B, kenaka mumange mbali yotsalayo kunja. HADDOCK, pulogalamu ina ya docking, ingakuthandizeni chifukwa imalola kuiuza ma amino acid oyenera kukhudzana, ndipo imawerengera pa intaneti, osati pa laputopu yanu.

Zinthu zitatu zimaiwalika kawirikawiri. Kumapeto kwa mchira kuyenera kukhala kagulu ka maatomu kotchedwa amide, osati kotchedwa carboxyl. Mukasiya carboxyl mwaika mphamvu ya negative m'kadzenje momwe mwachilengedwe mulibe, ndipo zotsatira zonse zimapotoka. Pali milatho iwiri ya sulufule, Cys6 ndi Cys12, komanso Cys7 ndi Cys14, yomwe imamanga mutu wa orexin-A. Amino acid yoyamba nayo ndi pyroglutamate, osati glutamine wamba.

Musanakhulupirire njira iliyonse, iyeseni pa chinthu chodziwika kale. Chotsani suvorexant mu 4S0V, muibwezeretsemo ndi Vina. Ikagwera mkati mwa 2 Å (Å ndi muyeso wa utali wa kukula ngati atomu) kuchokera pomwe inali, bokosi lomwe mwauza Vina kufufuzamo ndi makonzedwe anu zili bwino. Ife timaona kuti ntchito yosadutsa poyesa pamenepa siyenera kupita kwa aphunzitsi.

Funso: Mnzanga akuti docking payokha siikwanira, pamafunika molecular dynamics. Nanga kuno magetsi amathimathima, zingatheke? Mphunzitsi wa sayansi, Mchinji.

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo akunena zoona. Docking imapereka chithunzi chimodzi, pamene m'thupi zonse zimagwedezeka, ndipo molecular dynamics imatsanzira kugwedezeka kumeneko pa kompyuta. Pa webusaiti ya CHARMM-GUI mumaika receptor m'khungu la mafuta a POPC, n'kuthira madzi ndi mchere wa 0.15 M, kutentha kukhale 310 K monga m'thupi la munthu. Kenaka pulogalamu ya GROMACS imasuntha atomu iliyonse pa 2 fs, moti 100 ns ndi masitepe 50 miliyoni (fs ndi ns ndi tizigawo tating'ono kwambiri ta sekondi). Pa laputopu yopanda GPU (chipangizo chofulumizitsa kuwerengera) zimenezi zingatenge masabata ambiri.

Za magetsi musadandaule kwambiri. GROMACS imasunga pomwe yafika mu fayilo ya .cpt mphindi 15 zilizonse, ndipo magetsi akabwera mumapitiriza ndi lamulo la -cpi. Choopsa kwenikweni ndi kutentha kwa Okutobala: laputopu ikatentha imadzichepetsera liwiro, choncho iikeni pa thebulo lopita mphepo, osati pa bedi. Yendetsani katatu ndi liwiro loyambira losiyana. Mchira ukakhalabe m'kadzenje maulendo onse atatu muli ndi choti munene, koma ukatuluka pawiri bwererani mukaone amide ija.