Chikwama chothawa nacho madzi akalowa m'nyumba

Mayi wina wa ku Budiriro, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera pa imelo kufunsa zoyenera kuika m'chikwama chothawa nacho, popeza nyumba yawo ili kumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Marimba, ndipo ali ndi ana awiri aang'ono komanso apongozi awo odwala matenda a shuga. Akuganiza kuti akasamutsidwa adzagona kusukulu kapena kutchalitchi masiku awiri kapena atatu. Mayi, funso lanu landifika pamtima, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri amachikumbukira pomalizira, chomwe ndi zikalata.

Azakhali anga ankakhala ku Epworth m'nyumba ya zidina zosawotcha. Makolo awo, omwe ndi agogo anga, adachokera ku Dedza nthawi ya Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, monga adachitira makolo a ambiri mwa ife okhala ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa. Zikalata zonse za banja, kuyambira chitupa chakale cha agogo mpaka zikalata za kubadwa za ana, azakhaliwo adazisunga m'sutikesi pansi pa bedi, poganiza kuti mpamalo pobisika bwino kwa akuba. Usiku wina mvula idagwa osalekeza, madzi adalowa, khoma limodzi lidayamba kutsetsereka, ndipo iwo adatuluka ndi ana, bulangeti ndi mphika. Atabwerera m'mawa adapeza sutikesi ija ili m'matope, mapepala atamatirirana, inki itasungunuka moti dzina la munthu silinkawerengekanso.

Khoma lidamangidwanso mvula isanathe, chifukwa abale ndi a mpingo adasonkha. Koma zikalata zidawasautsa zaka zambiri. Ku ofesi ankawauza kuti abweretse chikalata cha kholo, pamene khololo lidamwalira kale ndipo chikalata chake nchomwe chidaonongeka. Ankawauza kuti abwere ndi mboni ya kumudzi, pamene mudziwo uli kutsidya kwa malire a mayiko awiri. Mwana wawo wamkulu adatsala pang'ono kulephera kulembetsa mayeso. Lamulo lalikulu la dziko lino la mu 2013 lidavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe lamulolo lisanakhazikitsidwe, amene ankakhala m'dziko muno nthawi imeneyo ndipo kholo lake lidali nzika ya dziko la SADC, monga Malawi, ndi nzika, koma ufuluwo umafunabe umboni wa papepala, ndipo pepala lonyowa silichitira munthu umboni.

Nchifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu malangizo ambiri a pa intaneti odzaza ndi mipeni, zingwe ndi matenti, ngati kuti munthu akukakhala m'nkhalango. Inu simukupita kunkhalango, mukupita m'kalasi lodzaza anthu, lokhala ndi chimbudzi chimodzi kapena ziwiri. Ndimakananso mawu a achinyamata akuti zonse zili m'foni. Kujambula zikalata ndi kuzitumiza pa WhatsApp kwa m'bale wodalirika ndi nzeru ndithu, ndipo chitani lero lomwe, koma foni imatha moto, magetsi a ZESA amazima ngakhale kunja kuli bwinobwino, ndipo nambala ya mchimwene wanu imene simudailoweze pamtima imazimira pamodzi ndi foniyo. Lembani manambala ofunika m'kabuku ndi bolopeni.

Wina anganene kuti mu Harare zoopsa zotere sizifika. Namondwe wa Idai adagwetsa mapiri ku Chimanimani usiku, mu March 2019, anthu a ku Ngangu ali m'tulo, ndipo milatho itakokoloka thandizo lidachedwa kufika. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adatsitsa matope kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, kumene ambiri a ife tili ndi abale. Zoona, kuno tilibe mapiri otero, koma tili ndi nyumba zomangidwa m'madambo ndi mipope ya zonyansa yophulikaphulika. Madzi akasefukira, zonyansazo zimalowa m'zitsime zimene anthu amamwa. Kolera ya mu 2008 ndi 2009 idapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro idali pakati pa madera ovutika kwambiri; mu 2018 idabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Choncho chimene ndimaopa kwambiri kwa ana anu si usiku wothawawo, koma madzi amene adzamwa tsiku lotsatira.

Zolowa m'chikwama

Tengani chikwama chapamsana, monga cha mwana wasukulu, kuti manja akhale omasuka kugwira ana ndi apongozi. Zitupa, zikalata za kubadwa, mapasipoti, mapepala a nyumba, makadi a kusikelo ndi buku la kuchipatala la apongozi muzikulunge m'mapulasitiki awiri ndi kumanga zolimba. Mankhwala a apongozi akhale okwanira sabata yathunthu, osati masiku atatu okha, pamodzi ndi masiwiti ochepa oti ayamwe shuga akatsika. Ngati amabaya insulini, isakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto. Dzazani madzi abwino m'mabotolo awiri a chakumwa cha Mazoe, onjezani mankhwala otetezera madzi akumwa monga mapiritsi a Aquatabs kapena botolo la WaterGuard, sopo, ndi mapaketi a ORS obwezeretsa madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba. Mapaketiwo akasowa, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'botolo la 750 ml la madzi owiritsa, monga amaphunzitsira kuzipatala za kuno.

Chakudya chikhale chosafuna kuphika, monga mtedza wokazinga, chiponde, maputi (mbuliwuli) ndi mabisiketi. Ikanimo tochi, pawabanki yodzaza, machesi okulungidwa m'pulasitiki, matewera, mapadi, zovala zosinthira za ana ndi bulangeti lopepuka. Zitenje ziwiri musaziiwale, chifukwa chitenje chimabereka mwana, chimafundidwa usiku, ndiponso chimatchinga posintha zovala pagulu. Ndalama zikhale madola aang'onoang'ono a ku America ndi ma ZiG (ndalama za dziko lino) ochepa, popeza kulipira pafoni ndi EcoCash kumadalira netiweki, ndipo woyendetsa kombi (minibasi) sadzakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu.

Chikwamacho chipachikidwe pa msomali pamwamba, pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense m'nyumba adziwe kuti sachotsamo kanthu, ngakhale shuga wa tiyi atatha. Muzichitsegula kumayambiriro kwa mwezi uliwonse wa dzinja kuti musinthe madzi ndi kuona ngati mankhwala sadapitirire masiku ake. Gwirizananinso ndi bambo a kunyumba kapena mnansi wanu, mvula isanayambe, za amene adzatsogolere apongozi, ndipo nyamukani madzi asanafike m'maondo, chifukwa munthu wachikulire sangawoloke madzi othamanga mumdima.