Epiphone Dot kapena Ibanez AS73 pa jazz: yankho langa kwa achimwene a ku Chilenje

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza magitala awiri, Epiphone Dot yakale imene munthu wina akugulitsa ku Kabwata, ndi Ibanez AS73 yatsopano imene mwaiona m'shopu m'tauni. Mitengo yake ikungosiyana pang'ono, ndiye mukufuna kudziwa yoti mutenge popeza mtima wanu uli pa jazz. Ndaona ena akuyankhani kale kuti tengani Epiphone chifukwa ndi mwana wa kampani yotchuka ya magitala ya Gibson, ena akuti Ibanez basi, osanena chifukwa. Ine Dot ndinakhala nayo zaka zingapo, ndipo AS73 ndimaigwira pafupifupi Lamlungu lililonse chifukwa mnyamata amene timaimba naye kutchalitchi ali nayo. Ndiloleni nditalikitseko, nkhaniyi ndimaikonda ndipo sindikufuna kuti ndalama zanu zipite pachabe.

Magitala awiriwa ndi a pamtundu umodzi. Onse anatengera Gibson ES-335 imene inatuluka mu 1958. Kale oimba jazz ankagwiritsa ntchito magitala akuluakulu amphako, opanda kanthu m'kati, ndipo vuto lawo linali lakuti ukangokweza ampu (chokuzira mawu), gitala imayamba kulira yokha, kufuula kuja timati feedback. A Gibson anaika thabwa lolimba pakati pa mimba ya gitala, kuchokera pakhosi mpaka kumchira, n'kusiya mphako m'mbali ziwirizi. Mapikapu (tizida totenga mawu a nsambo kupita nawo ku ampu) ndi buliji (chitsulo chimene nsambo zimatsamirapo pa mimba) zimakhala pa thabwa limenelo. Ndiye mumapeza mawu ofunda a gitala yamphako koma osavutika ndi kufuula kuja. Dot inabwera mu 1997 ngati 335 ya anthu a thumba laling'ono, ndipo dzinali linachokera pa timadontho ta pakhosi pake. AS73 ili m'gulu la Artcore limene Ibanez anayambitsa mu 2002, ndipo pakhosi pake m'malo mwa timadontho pali timabokosi.

Mukawaika pamodzi mupeza kuti zambiri n'zofanana. Mimba yotambalala pafupifupi mainchesi 16, mafreti (tizitsulo topingasa pakhosi) 22, khosi lomata ndi guluu osati lomanga ndi mabawuti, mapikapu awiri a mtundu wa humbucker (ochepetsa phokoso la magetsi), manobu anayi ndi switchi ya mbali zitatu. Kutalika kwa nsambo kuchoka pa nati (kachidutswa kamene nsambo zimadutsapo pafupi ndi mutu) kufika pa buliji, wina ndi mainchesi 24.75, wina 24.7, kusiyana koti chala sichingakumve. Mimba za onse awiri ndi zamatabwa opyapyala omatikiza, ndipo musaone ngati n'kutchipa, ngakhale Gibson yeniyeniyo amaipanga choncho. Kwa ife kuno n'zabwino ndithu, chifukwa thabwa lomatikiza silisweka msanga nyengo ikamasintha.

Tsono ngati mukufuna ndikuuzeni mosazungulira, ine ndingatenge Ibanez. Chifukwa changa chachikulu ndi mawu a nsambo zazikulu, za mawu apansi.

Dot yanga pa pikapu ya kukhosi, yomwe ndi imene woimba jazz amakhalirapo tsiku lonse, inali ndi mawu onenepa, okoma kwambiri ukamaliza noti imodziimodzi. Koma ndikagwira kodi (chord, manoti olizidwa pamodzi) ya manoti anayi oyandikana, tinene minor 9 kapena 13 yoyambira pa nsambo yachisanu ndi chimodzi, mawu aja ankaphatikana ngati phala. Woimba besi akalowa, ine ndinkangosowa m'kati mwa nyimbo. AS73 ya mnzanga uja mawu ake ndi owalirapo, noti iliyonse mu kodi imamveka payokha. Ena amati n'chifukwa chake siyenera jazz, akuti ndi yowala kwambiri. Ine ndimatsutsa. Gitala yowala mungathe kuidetsa, mungotsitsa nobu ya toni kufika pa 5 kapena 6, n'kusunthira dzanja pafupi ndi khosi, mawu ofewa aja abwera. Koma gitala yamatope simungaiwalitse ndi nobu, chifukwa nobu ya toni ntchito yake n'kuchotsa mawu apamwamba, siwonjezera kanthu. Chimene kulibe m'pikapu simungachipeze pa nobu.

Onaninso zimene timaimba ife a mu Lusaka. Ndani pakati pathu amene amadya ndi jazz yokha? Lachisanu madzulo mwina muli pa hotela mukuimba mofatsa anthu akudya, Loweruka muli pa ukwati ku Matero akufuna kalindula ndi rhumba, Lamlungu m'mawa muli ku kwaya. Pa sebene, gawo lothamanga lija la rhumba, pamafunika mawu akuthwa, othamanga, odutsa pamwamba pa ng'oma ndi kiyibodi. Gitala yowalirapo imakutumikirani konseko.

Chachiwiri ndi khosi, ndipo apa dzanja lanu ndi limene ligamule, osati ine. Dot yanga khosi lake linali lodzaza m'manja, la AS73 ndimalimva locheperako. Ine zala zanga si zazitali, ndiye makodi otambasula, oti chala cha mkombaphala chili pa freti yachitatu kachiniye kali pa yachisanu ndi chiwiri, amandiphwekera pa Ibanez. Koma ndikudziwa anzanga amene khosi lopyapyala limawapweteka pa chala chachikulu akaimba maola awiri. Komanso ma Dot si ofanana onse. Oyamba ankapangidwa ku Korea, kenako ku China, ndipo mukagwira awiri a zaka zosiyana mudzamva kusiyana. Nayenso Ibanez wakhala akusintha matabwa ndi mapikapu a AS73 m'zaka zapitazi. Ndiye munthu akakuuzani pa intaneti kuti Dot imamveka chakuti, akunena ya kunyumba kwake, osati ya ku Kabwata ija.

Pa zoti jazz imafuna dzina la Gibson, musavutike nazo mtima. Zoona Epiphone ili m'manja mwa Gibson kuyambira 1957, ndipo Larry Carlton anaimba 335 mpaka anthu anam'patsa dzina lakuti Mr. 335. Koma John Scofield wakhala zaka zambirimbiri akuimba Ibanez AS200, yomwe ndi mkulu wake wa AS73 yanuyo, ndipo George Benson ndi Pat Metheny onse ali ndi magitala a Ibanez olembedwa mayina awo. Mbali zonse ziwiri kuli akatswiri. Ngati thumba lingalole kudikira miyezi ingapo, funsani za AS93. Imeneyo ili ndi mapikapu a Super 58, ndipo kusiyana kwake ndi AS73 khutu limakumva.

Koma tibwere pa nkhani imene yandichititsa kuti ndilembe zonsezi, yoti Dot ija ndi yakale.

Ine ndinagulapo gitala yamtundu womwewu kwa munthu amene ndinam'peza pa Facebook. Tinakumana madzulo, kunja kukuda, ndinailiza mphindi zisanu, mawu anandikoma, ndinalipira. Kuseri kwa mutu wake, pansi pang'ono pa nati, panali kamzere kakang'ono ngati tsitsi, kopakidwa utoto wakuda pamwamba. Sindinakaone. Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lowotcha, ndinakwera nayo minibasi itavala kachikwama kansalu, kondakitala anaikankhira kumbuyo n'kutsamiritsapo thumba la munthu wina. Nditafika n'kutsegula, ndinapeza nsambo zonse zili lendelende, mutu wapindikira kutsogolo, thabwa loyera likuoneka pamene pathyoka. Ndinakhala pansi pakhonde nthawi yaitali nditaigwira pamiyendo. Ndalama zake ndinasunga miyezi isanu ndi umodzi.

Pamenepo ndi pamene magitala a mtundu wa Gibson amafookera. Mutu wake ndi wopendekera kumbuyo, thabwa la pamenepo n'lochepa chifukwa m'kati mwadutsa chitsulo chowongolera khosi chimene timati truss rod, ndiye gitala ikangogwa chagada imathyokera pomwepo. Mukapita ku Kabwata, pitani masana, muitulutse panja padzuwa, muyang'ane kuseri kwa mutu, muyendetsepo chikhadabo. Mukamva kokoda kapena mukaona utoto wosiyana, funsani. Yomatidwa bwino ndi mmisiri wodziwa imatha kukhala zaka, koma mtengo wake uyenera kutsika kwambiri, ndipo wogulitsa ayenera kunena yekha musanafunse.

Mukatha apo onani khosi. Dinani nsambo yaikulu pa freti yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndi lamanja mudine pa freti ya kumene khosi lalowa m'mimba, kenako muyang'ane mpata wa pakati pa nsambo ndi freti ya 7 kapena 8. Uyenera kukhala wochepa, woti mungolowa kakhadi kopyapyala. Ngati ndi waukulu kapena palibiretu, m'pempheni mwiniwake apotoze truss rod pang'ono inu mukuona. Ikakana kuzungulira, kapena ikamangozungulira osagwira, isiyeni gitalayo ngakhale mawu ake akome bwanji. Lizani freti iliyonse pa nsambo iliyonse, kuyambira pansi mpaka pa 22, mukumvetsera ngati pali yolira ngati ntchentche kapena yofa. Mafreti oyambirira asakhale ndi maenje akuya odyedwa ndi nsambo. Pa freti ya 12 lizani hamoniki (kuliza nsambo mutangoikhudza ndi chala osaidina) kenako mudine noti yomweyo, ziwirizi zifanane pa chuna, kachida kochunira gitala. Zikasiyana pang'ono si mlandu, zimakonzedwa pa buliji.

Manobu ndi switchi musazinyalanyaze. Pa Stratocaster kapena Les Paul mumangomasula chivundikiro n'kufika pa mawaya. Pa magitala awiri anuwa kumbuyo kulibe chitseko. Nobu ikafa, mmisiri amatulutsa mawaya onse kudzera pa kabowo ka pamimba kooneka ngati chilembo f, n'kuwabwezanso ndi ulusi kapena kapaipi, ntchito yoti imadya masana onse ndipo si aliyense amene amaivomera. Ndiye lumikizani ku ampu, muzungulize nobu iliyonse pang'onopang'ono, mugwedeze chingwe pamene chalowera. Kukhwekhwereza pang'ono kungakhale fumbi chabe, fumbi lathu la mu Ogasiti limalowa paliponse, koma mawu akamaduka ndiye kuti pali ntchito.

Yatsopanoyonso muiyese chimodzimodzi, musachite manyazi m'shopu. Yendetsani dzanja m'mphepete mwa khosi, nsonga za mafreti zisakukandeni. Ngati ali nazo ziwiri, lizani zonse, ngakhale inayo ikhale ya mtundu umene simuukonda.

Dot ija ikapambana mayeso onsewa, khosi lake n'kukukhalani bwino m'manja, makodi a pansi n'kumamveka osaphatikana, itengeni ndi mtima umodzi, ndipo mukambirane mtengo poti ndi yakale. Ndalama yotsalayo ili ndi ntchito, chifukwa mawu a jazz amene mukuwafunawo theka lake silili m'gitala.

Nsambo zimene zimabwera ndi magitalawa nthawi zambiri ndi zopyapyala, zokhakhala. Ikani zosalala, zimene timati ma flatwound, zoyambira pa 11. D'Addario Chromes 11 mpaka 50 ndi poyambira pabwino, Thomastik ndi zofewa bwino m'zala koma zodula. Kuno sizipezeka nthawi zonse, ine ndimatuma anzanga akamachokera ku Johannesburg, koma ubwino wake zimakhalitsa miyezi yambiri, makamaka mukamazipukuta ndi kansalu mukatha kuimba. Tsiku loyamba kuziika mudzadabwa, kulira kwa chala chikamatsetsereka pa nsambo kumatheratu, mawu amakhala ozungulira. Dziwani kuti zimakoka khosi kwambiri kuposa zakale zija, ndiye pafunika kuwongolanso truss rod, mwina kukulitsa timipata ta pa nati, ndi kusuntha kachishalo ka nsambo yachitatu pa buliji popeza G ya m'paketi imeneyi ndi yokulungidwa. Truss rod muipotoze pang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzunguliro, mudikire mpaka mawa muonenso. Mvula ikayamba mu Novembala khosi lidzasunthanso, kukauma mu Juni chimodzimodzi. Gitala siinawonongeke, ndi thabwa likupuma, kawiri pa chaka muziliyang'ana.

Pezaninso piki (kapulasitiki kolizira nsambo) yolimba, yaing'ono ngati Jazz III, kapena yesani chala chachikulu chokha monga ankachitira Wes Montgomery. Mawu a pansi akamakuchulukirani, tsitsani pikapu ya kukhosi mbali ya nsambo zazikulu, sikuluu imodzi yokha, musanaganize zogula mapikapu ena. Ndikanadziwa zimenezi kale, mwina Dot yanga ndikanakhala nayobe. Pa ampu simufunika zambiri, Roland Cube yaing'ono yosaika distortion imakwanira pa hotela, bola mutsitse besi pang'ono n'kusiya mid (mawu apakati) pamwamba.

Ndipo chonde, gulani bokosi lolimba. Funsani ngati Dot ikubwera nalo, chifukwa ngati lilipo limenelo lokha likhoza kupendeketsa sikelo. Bokosi la Les Paul kapena Stratocaster silikwana mimba yaikuluyi, ndipo kupeza lokwana kuno kumatenga nthawi.

Loweruka likubwerali masana ndili ndi mpata. Ngati mungakonde, nditumizireni uthenga kumbali tikumane ku Kabwata tikaione limodzi Dot ija. Ndidzatenga chuna, chingwe changa, makiyi a truss rod ndi ka ampu kanga kakang'ono ka mabatire kuti magetsi akazima tisabwerere osaimva, ndipo ndim'pempha mnyamata wa kutchalitchi uja abwere ndi AS73 yake kuti muzigwire zonse ziwiri tsiku limodzi.