Kwa mayi amene mukufuna kusayinira mabuku anu pa Dedza boma

Zikomo mayi. Mwanena kuti mwasindikiza buku lanu loyamba la nkhani zifupizifupi za m'Chichewa, ndipo mukufuna kukonza tsiku lokumana ndi owerenga m'sitolo ina ya mabuku pa Dedza boma, kuti aliyense wogula muzimusayinira. Za zovala, za mawu oti mukalankhule ndi za kulengeza pa Facebook ndizisiyira ena. Ine ndiyankha za ndalama ndi za tsiku, chifukwa ndinathandizapo mnzanga wina, mphunzitsi wopuma pantchito, pa mwambo wonga womwewu, ndipo anabwerera kwawo chimanjamanja ngakhale kuti anthu anabwera ndithu.

Musanauze munthu aliyense tsiku, khalani pansi ndi mwini sitoloyo, osati wogulitsa wa pakauntala, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, nonse musayine, aliyense asunge lake. Papepalapo pakhale chiwerengero cha mabuku amene mwawerengera limodzi, mtengo wa buku limodzi, gawo limene sitolo itenge, dzina la amene azilandira ndalama patsikulo, ndi nthawi imene inu mudzalandire zanu. Mnzanga uja sanalembe kanthu chifukwa mwini sitolo anali munthu wodziwana naye, ndipo anaona ngati kutulutsa pepala kukhala kumunyoza. Patsikulo mwiniwakeyo sanaoneke. Ogula ankalipira pakauntala, ndalama za mabuku zikulowa m'kabati imodzi ndi za makope, choko ndi maenivelopu, popanda lisiti losonyeza kuti iyi ndi ya buku. Madzulo mnyamata wogulitsa anangoti, “Abwana akabwera tiwerengera.” Ndalamazo zinatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi, zosakwanira, ndipo mabuku otsala anabwerako zikuto zitafwifwa ndi dzuwa la pawindo, ena masamba atapindika ndi chinyontho. N'chifukwa chake ndikuti, ngati mwini sitolo avomera, ndalama muzilandira nokha patebulo panu kapena azilandira m'bale wanu wokhulupirika, ndipo gawo la sitolo muwapatse tsiku lomwelo musanachoke. Ngati mufuna kuwasiyira mabuku ena oti azigulitsa, asiyeni ochepa, ndipo alembedwe papepala lina.

M'kuona kwanga, eni masitolo amafuna pakati pa K20 ndi K35 pa K100 iliyonse, choncho werengerani musanaike mtengo. Tiyerekeze kuti buku limodzi linakudyerani pafupifupi K4,000 posindikiza ndipo mukuligulitsa K7,000. Sitolo ikatenga K30 pa K100 iliyonse, yatenga K2,100, ndipo mukachotsa K4,000 yosindikizira ija inu mwatsala ndi K900 yokha, musanachotse ya minibasi ndi ya kabaza wonyamula katoni. Muganizirenso kuti mapepala osindikizira amachokera kunja, ndipo chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhazikika. Funsani osindikiza anu mtengo wa lero wosindikizanso, chifukwa ndi umenewo muyenera kuwerengera ngati mukufuna kuti bukuli lidzatulukenso.

Amene akuuzani kuti mubwereke tenti, zokuzira mawu ndi kuitana mlendo wolemekezeka wodzagula buku loyamba pamtengo wokwera akunena za mwambo wina, wokhazikitsa buku, umene umachitikira m'holo. Pakhonde la sitolo zimenezo zimangodya ndalama ndi kukwiyitsa eni masitolo oyandikana nawo, ndipo malonjezo a pamwambo wotere ambiri amathera m'manja owomba.

Tsiku likhale la kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito m'boma atalandira, chifukwa ogula mabuku pa Dedza ambiri ndi aphunzitsi, anamwino, a kukhonsolo ndi atsogoleri a mipingo. Pewani masabata otsegulira sukulu mu Seputembala ndi mu Januwale, pamene kholo lililonse likulowa m'sitolo ya mabuku kudzagula makope basi, mutu uli pa fizi. Ngati mwasankha Juni kapena Julaye, musayambe m'mamawa. Inunso mukudziwa chisanu ndi nkhungu za pansi pa phiri la Dedza. Munthu saima pakhonde kusanthula buku manja atauma. Yambani cha m'ma 10 koloko, ndipo funsani bwino nthawi imene sitoloyo imatseka Loweruka, popeza ena amatseka masana. Tebulo likhale pakhonde kapena pafupi ndi khomo, pamene odutsa angakuoneni, osati kuseri kwa mashelefu.

Musadalire kuti anthu abwera okha. Lembani makalata ndipo mukawapereke pamanja kwa aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi a Chichewa, monga a ku Dedza Secondary School, imene ambiri amangoitchula kuti Box 48, a ku sekondale ya Umbwi, ndi a ku koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke. Pemphani kuti alengeze ku mpingo kwanu Lamulungu lomaliza tsikulo lisanafike, ndipo ngati thumba lilola, chilengezo chachifupi pa wailesi ya Bembeke chimafika kutali. Mphunzitsi mmodzi wobwera ndi ophunzira ake amadzaza khonde, ndipo odutsa akaona gulu amaima. Kwa tsiku limodzi mabuku 30 kapena 40 ndi okwanira, ena akhale pafupi m'katoni yokutidwa ndi pulasitiki.

Chenjezo langa lalikulu lachiwiri ndi ngongole. Adzabwera achibale, anzanu a kuntchito ndi a kumpingo, adzakuyamikirani kwambiri, kenako adzati, “Tisayinireni, tidzapereka tikalandira.” Buku losayinidwa, lokhala ndi dzina la munthu, simungaligulitsenso kwa wina, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sankhiranitu kunyumba anthu ochepa oti muwapatse mwaulere, muwapatsire komweko, kuti patebulo pasakhale woona mnzake akulandira chaulere. Lembani nambala zanu za Airtel Money ndi Mpamba m'zilembo zazikulu pakatoni, ndipo musasayine kufikira uthenga wa ndalama utalowa pafoni yanu, osati kungoonetsedwa pafoni ya wogulayo. Mukhalenso ndi chenje chokwanira cha ma K500 ndi ma K1,000, chifukwa anthu adzabwera ndi ma K5,000 ndipo sitolo sidzafuna kukusinthirani tsiku lonse.

Posayina, funsani munthu dzina limene akufuna lilembedwe, popeza ena amakonda chiwongo chawo, ena akugulira mwana kapena sukulu. Alilembe yekha pakapepala kuti mukopere, mungalakwitse chilembo n'kutaya buku. Tengani mabolopeni angapo amene mwawayesa kale patsamba la bukulo, chifukwa inki ina imafalikira papepala losalala mukatseka msanga.

Simunafunse izi, koma yang'anani ngati kuchikuto chakumbuyo kwa buku lanu kuli nambala ya ISBN, nambala yozindikirira buku padziko lonse. Kuno ku Malawi imaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba, komwenso kumayenera kupita kope la buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno. Masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre komanso malaibulale amaifuna nambalayi, choncho ngati palibe, ikonzeni musanasindikizenso, ndipo mukalembetsenso bukulo ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso.